Mchere wa m'Kanyumba ka Tchipisi

Ntchito yanga yoyamba mu Glasgow ndinaigwira nditaima m'kati mwa pepala la tchipisi. Sindikuphiphiritsa ayi. Kanyumbako anakamanga ndendende ngati pepala lopinda lija amaikamo tchipisi, kopanikizika kumunsi, kotambasuka kumtunda, ndipo padenga panatulukira tchipisi chapulasitiki chachikasu, chilichonse chachitali kuposa ine. Kanali m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa Govanhill pomwe tinkakhala ndi Pollokshields, moyandikana ndi galaja yokonza matayala. Chimodzi mwa zapadengazo mphepo inachipinda, ndiye chinkangoloza ku siteji ya basi. Nkhunda zinkatera pamenepo n'kumachita zawo zija, ndipo wokwera makwerero ndi chidebe Lolemba lililonse ndinali ine.

Anthu ankaimitsa magalimoto kuti ajambule. Ena osagula n'komwe, kungoima, kutulutsa mano, n'kumapita. Ine ndikaona munthu wakweza foni ndinkawerama ngati ndagwetsa kanthu, chifukwa chithunzi chimayenda, ndipo kwathu ku Dedza ankadziwa kuti ndimagwira ntchito mu lesitilanti. Mwana wa mlimi wa kachewere, kukwera ndege mtunda wonsewo n'kukathera m'kati mwa kachewere yemweyo! Ndinkadziseka ndekha, koma ntchitoyo ndinkaigwira ndi manja awiri. Amuna anga anali pa sukulu, ndipo mapepala awo ankangowalola maola ochepa a ganyu. Denga lathu, magetsi ndi chakudya, zonse zinkatulukira pa kawindo kameneko.

Mwini wake anali mayi wa konkuno, wamfupi, wa mawu okhuthala ndi fodya. Kanyumbako anakamanga ndi malemu amuna awo, ndiye munthu akakaseka ankamuyang'ana ngati waponda pamanda. Ankanditchula kuti "hen", monga amayi a kuno amaitanirana. Sanali oipa mtima, koma anali ndi lamulo limodzi lomwe sankaseka nalo. Tchipisi chikangotuluka m'mafuta, uchikhuthulire m'beseni lachitsulo, uthire mchere pompo chikadali kulira, upete katatu, ndiye upakule. Kupetako ndinakula nako, moti tsiku loyamba anaomba m'manja. Botolo la mchere silinkaikidwa pawindo. Ankati mchere wothira tchipisi chitazizira umangogwera pansi pa pepala, komanso chinyezi cha kuno chimauumbitsa m'botolo. Wokazinga ndiye wothira, basi. Ankakonda kunena kuti dengalo limaimitsa munthu kamodzi kokha, koma chomubweretsanso mawa ndi mchere.

M'chaka changa chachiwiri pantchitopo, kuzizira kutangoyamba, ndinapita padera. Inali mimba ya miyezi itatu, yachiwiri kutayika chonchi. Kupatula amuna anga, palibe ankadziwa kuti ndinali woyembekezera, poti kwathu mimba sitilengeza, imadzionetsa yokha. A kuchipatala anandisamalira bwino, anandipatsa timapepala towerenga, n'kundiuza kuti ndikapume. Abwana ndinawalembera uthenga kuti ndagwidwa ndi chimfine. Ndinagona masiku anayi, Lolemba ndinavala epuloni.

M'mawa ndinkakhala ndekha m'kanyumbamo, abwana ankabwera cha m'ma folo koloko kudzandilandira. Ndinayatsa moto, mafuta anatentha, ndinaviika dengu loyamba. Nditakhuthulira m'beseni ndinatambasula dzanja kuti nditenge botolo la mchere monga mwa masiku onse. Dzanjalo linaima lokha m'malere.

Wosakulira kwathu afunika kumufotokozera. Mkazi amene wapita padera sathira mchere m'chakudya. Amati ndi wotentha, ndipo wodya mchere wa m'manja mwake amadwala mdulo: chifuwa chosatha, mapazi kutupa, nkhope kutupa, mapeto ake maliro. Amadikira mpaka amayi akuluakulu atamupatsa mankhwala osamba, n'kumuuza kuti tsopano thira. Azakhali anga anandiuza zimenezi nditangotha msinkhu, n'kudzabwerezanso pa chilangizo cha ukwati. Ine sukulu ndinapita, kupemphera ndimapemphera, ndipo satifiketi yanga ya ukhondo wa chakudya inali pakhoma pomwepo. Mukanandifunsa mwezi umodzi m'mbuyomo ndikanakusekani. Koma ndili wamng'ono ndinaona amalume anga atakhala pakhonde akutsokomola, mapazi osalowa ndi m'patapata momwe, ndipo atamwalira mudzi wonse unaloza chala akazi awo kuti anawadula. Mayiwo anachoka pamudzi ndi kaphukusi kamodzi. Lero ndimadziwa kuti mwina unali mtima kapena impso, koma m'mawa umenewo sindinkaganiza za impso.

Pawindo panali dalaivala wa takisi, kasitomala wa tsiku ndi tsiku, bambo wonenepa wokonda kundifunsa ngati ku Malawi nakonso mvula imagwa chopingasa. Anali ndi ana atatu, zithunzi zawo anandionetsapo kangapo. Ndinamupakulira chopanda mchere, n'kuthira viniga wambiri kuti asazindikire. Analawa chimodzi, nkhope inakwinyika.

"Mchere watha lero?"

"Pepani, ndaiwala."

"Thira tsono," anatero akundibwezera pepalalo.

Ndinatulutsa botolo lonse pawindo n'kumupatsa kuti adzithirire. Anaseka, akuti chimfine chandilowa m'mutu. Ine ndinasekanso naye.

Lachiwiri ndinadzera m'sitolo n'kugula timapaketi ta mchere tija amaika m'malo odyera. Aliyense ndinkamuikira tiwiri pambali pa pepala. Ndinadziona wochenjera kwabasi. Koma abwana ankanena zoona: munthu akamalimbana ndi kapaketi ndi zala zamafuta, mphepo ikuwomba, tchipisi chimakhala chitazizira, mcherewo theka lathera pansapato. Ena ankadandaula, ena ankangotenga osayankhula, ndipo osayankhulawo ndiye ankandiopsa kwambiri. Pofika Lachinayi dalaivala uja anadutsa osaima, kungoimba hutala.

Madzulo a Lachinayi lomwelo abwana anafika atafumbata timapepala ta mchere tija, tomwe anatola m'mbali mwa msewu. Anatiyala patebulo pamaso panga.

"Ichi n'chiyani, hen?"

Ndinati ndinkafuna kuti aliyense azithira momwe akufunira, poti masiku ano anthu ambiri akudwala kuthamanga kwa magazi.

"Wodwala kuthamanga kwa magazi sabwera kudzaima pansi pa tchipisi chapulasitiki. Anthu atatu andiimbira foni. Mmodzi wakhala akudya pano chimangireni kanyumba kano."

Ndinasintha bodza. Ndinati dzanja likundipweteka pa mfundo.

"Dengu lodzaza ukunyamula, beseni ukupeta, koma kabotolo kakukulemera?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali, koma ngati munthu amene akufuna kumvetsa ndipo akukanika. Anafunsa ngati pali wina wandiputa, kapena ngati ndatopa nayo ntchito ndipo ndikufuna andichotse okha. Ndinati ayi.

"Ndiye tamvera. Loweruka kuli mpira, anthu adzakhala ambiri. Ndidzabwera m'mawa, ine pawindo, iwe pamoto. Botolo limenelo ine sindidzalikhudza. Ukadzathira, zatha, sitidzakambanso. Ukadzapanda kuthira, udzandisiyire epuloni. Sindingataye dzina la malemu amuna anga chifukwa cha chinthu chomwe sukufuna kundiuza."

Mwina mukuti, bwanji sunangowauza? Ndinaganizira zimenezo ulendo wonse wobwerera kunyumba. Ndikanayamba bwanji? Kuti ndinanama, sichinali chimfine. Kuti ndinali ndi mimba yomwe sindinawauze. Kenako, m'Chingelezi changa chomwe chimathawa ndikachita mantha, ndiwauze kuti manja anga akhoza kudwalitsa makasitomala awo. Munthu wogulitsa chakudya akamva wantchito wake akunena yekha kuti manja ake amadwalitsa, angamusunge? Akanaganiza kuti mwina ndili ndi matenda opatsirana, kapena mutu wasokonekera. Konse kuwiri mapeto ake anali kusiya epuloni.

Kunyumba ndinawauza amuna anga tili patebulo. Iwo ankaphunzira za umoyo wa anthu, munthu wa mabuku weniweni.

"Madamu, inunso? Zimenezo n'zakumudzi. Mchere ndi mchere basi, palibe connection iliyonse ndi zomwe zachitikazi."

"Ndiye bwanji chibwerereni kuchipatala mchere wa m'ndiwo mukuthira ndinu?"

Anasiya kutafuna. Zinali zoona. Ndikatereka mphika ankalowa kukhitchini ngati akufuna madzi akumwa, n'kutapa mchere, n'kuthira, n'kutuluka, ine ndikuyang'ana kumbali. Palibe analankhulapo za zimenezi.

"Ndimangokuthandizani kuti mupume."

"Ngati n'kuthandiza, mbale bwanji simutsuka?"

"Musapse mtima. Ndikungoti Loweruka mukathire, tisaluze job chifukwa cha zinthu zopanda umboni."

"Chabwino. Mawa ndiyambira pa ndiwo zanu, muone kuti palibe umboni."

Anayang'ana m'mbale. Ndinadikira kuti anene kuti thirani, koma sananene. Anadzuka n'kukatsegula mabuku awo. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinakwiya nawo, koma chachikulu n'chakuti mantha anga anawirikiza. Ngati munthu wa madigiri akuopa mchere wanga, ine ndine ndani kuti ndikauthire pa chakudya cha anthu osadziwa kanthu?

Kuimba foni kumudzi ndinakuganiziranso. Koma amayi anga foni amayankhula ataikweza mawu, ali pabwalo, anthu atawazungulira. Dzuwa lisanalowe nkhani ikanafika kwa apongozi anga, omwe kale ankafunsa pa foni iliyonse kuti kodi kuzizira konseko sikukutithandiza kupeza mwana. Ndipo ngakhale akanapeza mizu tsiku lomwelo, sikanafika ku Govanhill pofika Loweruka. Kunatsala amayi a ku tchalitchi kwathu, komwe Amalawi timasonkhana. Kumeneko ndiye ayi. Mkulu wa amayi anali nesi wopuma pantchito, wokhala ku Partick, dera lina la Glasgow, zaka zoposa makumi atatu, mayi wamtali wosadziwa kunong'ona. Tsiku lina pa msonkhano wa amayi anapeza kachingwe m'chiuno mwa khanda la mnzathu. Anatulutsa sizasi m'chikwama, anakadula anthu onse akuona, n'kulalikira za chikunja mpaka tiyi anazizira. Mayi wa khandalo sanabwerenso. Ine ndinkawaopa mayiwa kuposa abwana.

Lachisanu ndinaganiza zodziyesa ndisanafike pa mayeso enieniwo. Ndinavala magolovesi awiri dzanja limodzi. Ndinatenga supuni kuti ndisakhudze botolo. Ndinadziuza kuti mwambowu ndi wa mphika wa pakhomo, osati wa pamsewu, komanso kuti mwina azungu suwagwira. Ndinapemphera mwachidule, ndinatseka maso, n'kuwaza mchere pa beseni lonse. Ndinapeta katatu. Nditacheuka, pawindo panali mtsikana wa jekete yosatseka chifukwa cha mimba, mwina miyezi isanu ndi iwiri, akupumira m'mwamba. Anati wakhala akulakalaka tchipisi cha pano kuyambira m'mawa. Ndinamuyang'ana pamimbapo, ndinayang'ana beseni. Ndinamuuza kuti chimenechi chapserera, adikire pang'ono. Beseni lonse ndinalikhuthulira m'bini, n'kukwirira ndi mapepala kuti abwana asadzaone. Ndinakazinga china, ndinamupatsa ndi timapaketi take. Atachoka ndinakhala pa thumba la mbatatesi.

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Ndinafika msanga, ndinapukuta tebulo lomwe linali loyera kale, ndinasenda mbatatesi zoposa zofunika. Epuloni yanga ndinali nditaichapa ndi kuisita, kuti ngati ndi yobweza ndikabweze yoyera. Abwana anafika, anapachika jekete, osatchulapo za Lachinayi. Anangotenga botolo la mchere ndi zala ziwiri atazikuta ndi kansalu kuti asalikhudze, n'kuliika pafupi ndi beseni, mbali yanga. Kenako anakweza chitseko cha pawindo. Kunja kunali kutayamba kale mzere wa azibambo ovala masikafu a mpira, akupondaponda pansi ndi kuzizira.

Ndinaviika dengu. Ndili chiyang'anire mafuta ndinamva mawu kumbuyo kwanga, m'Chichewa.

"Kodi ndi kunoko? Ine ndimayesa akunama kuti umagwira ntchito m'chidole."

Anali mayi a ku Partick aja. Anaima kutsogolo kwa mzere, ambulera m'manja, duku kumutu. Anati sanandione ku tchalitchi Lamulungu, ku msonkhano wa amayi sindinaonekenso, ndiye popita kogula ufa ndi nsomba zouma ku Govanhill anadzera kunyumba, amuna anga n'kuwalozera kuno. Mwa anthu onse a mu Glasgow, anafika ndi iwowa, pa ola limenelo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" ndinatero ndikupinda maondo pang'ono, poti m'kanyumbamo munalibe malo ogwada.

"Ndadzuka. Iwe ndiye sunadzuke bwino. Wawonda."

"Chimfine, amayi."

Tchipisi chinapsa. Ndinatukula dengu, ndinagwedeza mafuta, n'kukhuthulira m'beseni. Chinkalira bwinobwino. Botolo linali pomwepo, pafupi ndi dzanja langa lamanja. Ndinagwira beseni ndi manja onse awiri.

"Mchere, hen," anatero abwana motsitsa mawu.

Sindinasunthe. Ndikathira, woyamba kudya akhala mayi wachikulire uyu, kenako azibambo onsewa. Ndikapanda kuthira, ntchito yatha, ndipo yathera pamaso pa munthu amene akaziulutse pa msonkhano wa amayi. Kumbuyo kwa mzere wina anakuwa kuti mpira uyamba iwo ali pompano. Kulira kwa tchipisi kunayamba kuchepa.

"Hen. Ndikukupempha."

Mayi aja anali chete, zomwe sindinazionepo. Ankayang'ana manja anga. Anayang'ana botolo, anayang'ananso manja, kenako maso awo anatsikira pa epuloni, pamimba. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti adziwa. Mzungu akanayang'ana tsiku lonse osaona kanthu, koma mayi wa kwathu akaona mkazi akuthawa mchere safunsa kawiri.

"Liti?" anafunsa, ndipo kanali koyamba kuwamva akunong'ona.

"Lachinayi la sabata yatha."

"Miyezi ingati?"

"Itatu."

"Wauza ndani?"

"Palibe, amayi. Abambo akunyumba okha."

Abwana ankatiyang'ana uku ndi uku. Anafunsa kuti mayiwa akuti chiyani, ndipo ngati akugula agule, chifukwa kumbuyoko anthu akudikira. Ine ndinaweramitsa mutu kudikira ulaliki. Ndinkaumva kale m'makutu: mkhristu wotani, wophunzira wotani, kubweretsa zachikunja mpaka ku Ulaya.

Mayi aja anatembenukira kwa abwana n'kuyankhula Chingelezi cha kuno chenicheni, chija cha m'mawodi a chipatala. Anati akufuna pepala lalikulu, la mchere wambiri, ndipo athire ndi mtsikanayu. Kenako anabwerera kwa ine.

"Thira."

"Amayi, mukudziwa mmene ndililimu."

"Ndikudziwa. Thira, ndidya ndine."

"Nanga mukadwala?"

"Ndikadwala ndadwala ine. Iwe si nkhani yako."

"Koma sindinasambe mankhwala."

"Tamvera, mwana wanga. Ine zinandichitikira ku Partick konkuja, ndili nesi, yunifolomu yoyera, ma injection ndikubaya anthu tsiku lililonse. Miyezi iwiri malemu abambo ankadzithirira okha m'mbale. Ndinkadziwa kuti medically palibe chilichonse, koma dzanja linkakana. Sindinkasowa mizu ayi. Ndinkasowa munthu wamkulu woti andiuze kuti thira, ndipo kunalibe. Iwe uli naye. Ndaima pano."

Ndinatambasula dzanja. Ndisanafike pa botolo, abwana analanda beseni.

"Ichi chazizira. Pano sitigulitsa chozizira. Kazinga china."

Anakhuthulira pambali n'kundibwezera beseni lopanda kanthu. Sankadziwa chomwe tinkakambirana, ankangosunga lamulo lawo, koma ndinatsala pang'ono kuwakalipira. Mtima womwe ndinali nditausonkhanitsa unayenera kudikiranso dengu lina. Ndinaviika. Mphindi zimenezo zinatalika koopsa. Azibambo awiri anachoka pamzere akung'ung'udza. Mvula inakula, ikugogoda padenga lapulasitiki. Maganizo anayambanso kubwerera: mayiwa ndi okalamba, nyengo ino ndi ya chifuwa, akangodwala sabata yamawa ndidzadziwa bwanji kuti si ine? Ndinacheuka kuti ndiwauze kuti basi, zisiyeni, ndipeza ntchito ina. Anali atapinda ambulera, atatsamira pawindo, mvula ikuwanyowetsa duku.

"Usandiyang'ane ine. Yang'ana mafuta, chingapserere."

Ndinatukula dengu. Ndinagwedeza. Ndinakhuthulira m'beseni. Ndinavula golovesi, sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndinkafuna kuti ngati ndi kuthira kukhale kuthira kwenikweni. Botolo linali lofunda ndi moto wa pambali. Mchere unatuluka wambiri kuposa muyezo wa abwana. Ndinapeta katatu, ndinapinda pepala, ndinapakula, n'kupereka ndi manja awiri.

Sanasunthe pawindopo. Anatenga chimodzi, anauzira, anaika m'kamwa, akundiyang'ana m'maso. Anatenga chachiwiri. Anatafuna mosafulumira, ngati ali pakhomo pawo. Atafika pakati anauza abwana kuti mtsikanayu ali ndi dzanja labwino, asamutaye. Kenako anasendera pambali n'kuuza bambo wa kumbuyo kwawo kuti afike, chilipo chambiri.

Bamboyo ndinamupakulira cha m'beseni lomwelo. Wotsatira chimodzimodzi. Dengu lachitatu ndinathira ndikuopabe, lachinayi pang'ono, ndipo kenako panalibenso nthawi yoganiza, mzere unafika mpaka pa galaja. Sindinama, mantha sanathere pomwepo. Masabata angapo otsatira ndinkakhala kumbuyo kwa mayiwo m'tchalitchi n'kumamvetsera chifuwa chawo m'malo mwa ulaliki. Koma Loweruka limenelo dzanja linagwira ntchito, ndipo abwana anaona.

Mpira utayamba msewu unakhala zii. Abwana anapukuta pawindo, anayatsa ketulo, n'kunena osandiyang'ana kuti Lolemba ndisaiwale makwerero, nkhunda zaonjeza sabata ino. Ndinamvetsa kuti epuloni ndi yangabe. Anandiuza kuti ndituluke ndikapume pang'ono, mayi a duku aja akundidikira.

Ndinadabwa kuti sanapite. Anali atakhala pa benchi ya pa siteji ya basi, matumba awo pamapazi, pepala la tchipisi atalipinda bwinobwino lopanda kanthu. Mabasi awo anali atadutsa angapo. Ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kuthokoza, mawu ambirimbiri, kuti andipulumutsira ntchito, kuti sindikudziwa ndikanatani, kuti chonde asakauze amayi ena.

"Za amayi ena usade nkhawa. Pakamwa panga ndi paphokoso, koma pali zina sizituluka." Kenako anatembenukira kwa ine. "Sabata yonseyi wakhala ukulimbana ndi mchere eti?"

"Inde, amayi."

"Kudzuka mchere, kugona mchere."

"Inde."

"Nanga mwanayo wamulira liti?"

Chichokereni kuchipatala ndinali nditaopera dalaivala wa takisi, mtsikana wa mimba uja, amuna anga, anthu osawadziwa a masikafu. Wanga yemwe ndinali nditayamba kale kumuyankhula m'mawa uliwonse ndikusenda mbatatesi, sindinamugwetsere msozi ndi umodzi womwe. Palibenso anali atamutchula kuti mwana. Kuchipatala ankati mimba, amuna anga ankati zomwe zachitikazi.

Mayi aja anatulutsa chitenje m'thumba lawo, anachifunyulula, n'kundifunditsa kumutu ndi m'mapewa monga timachitira ndi namfedwa kwathu. Anandikokera pachifuwa pawo.

"Lira, mwana wanga. Basi ikabwera ipite, ine ndilipo."

Ndinalira mokweza, kulira kwa pamaliro, pa siteji ya basi masana dzuwa lisanapendeke, ndipo sanandiuze kuti nditonthole.